Kufunafuna Nkhope M'zitini za Mapiri

Mkazi wanga anamwalira m'dzinja, chimanga chikumasula ngayaye m'timinda ta m'mbali mwa msewu wopita ku Kanengo. Za matendawo sindilemba. M'banja tinakhalamo zaka zosakwana zitatu, ndipo mwana tinalibe.

Tinakamuika kwawo ku Phalombe. Patapita mwezi ndi masiku, amalume ake ndi azakhali awiri anabwera kunyumba ya lendi imene tinkakhala ku Area 25 kudzandisudzula. Anali anthu aulemu. Anandiuza kuti ndinali mkamwini wabwino, kuti mwana wawo ndinamudwazika mpaka pomaliza, ndi kuti kuyambira tsikulo ndinali womasuka. Atatha mawuwo anayamba kulongedza. Analonga zitenje, nsapato, mapoto, makina ake osokera, mpaka chipeso. Azakhali aakulu anakwera pampando n'kutsitsa chithunzi cha ukwati pakhoma, kenaka anatenga alubamu imene inkakhala pansi pa tebulo la wailesi. Nditayamba kunena za alubamuyo, amalume anandigwira paphewa n'kundifotokozera mofatsa kuti mwamuna wosudzulidwa sagona ndi nkhope ya malemu m'nyumba, kuti ndinali mwana wamng'ono, ndipo zithunzi zikanangondimangirira kumanda. Ndinawathandiza kumanga katoni ndi chingwe, n'kuwanyamulira mpaka pa siteji.

Vuto ndinalizindikira nyengo yozizira itayamba. Mawu ake ndinkawamva bwinobwino m'mutu. Kayendedwe kake, kasekedwe kake, fungo la mafuta amene ankadzola, zonsezo zinalipo. Koma nkhope inayamba kubwera zidutswa. Ndikaiitana pankabwera chipumi chokha, tsiku lina mano okha, osati yonse pamodzi. Ndinkagwira ntchito ya ukalaliki m'nyumba ina yosungiramo fodya ku Kanengo, ndipo ndinkadzipeza nditaima pakati pa mabelo, cholembera m'manja, ndikuyesa kulumikiza mphuno ndi maso a munthu amene ndinkagona naye mtsamiro umodzi.

Ndinawaimbira foni apongozi. Anandiuza kuti zithunzi anagawana achibale, zina zinapita ku Blantyre, zina ku Mozambique. Kenaka anayamba kulira, mpaka mayunitsi anatha akulirabe. Sindinafunsenso. Wojambula wa pa ukwati wathu ndinamva kuti anagulitsa kamera n'kupita ku Joni. Panatsala munthu mmodzi yekha, bambo wina wojambula zithunzi ku Biwi.

Tisanakwatirane, mkazi wanga ankasoka pakhonde la sitolo ina ku Biwi, pafupi ndi situdiyo ya bambowo. Iwo anali ndi chizolowezi chawo. Chaka chilichonse m'chilimwe ankapita kukajambula mapiri ouma, ndipo ankafuna munthu woti aime patsinde pa thanthwe kuti woona chithunzi adziwe kukula kwa phirilo. Munthu wotero ankamutcha wa muyeso. Wovomera kupita ankamujambula zithunzi ziwiri kapena zitatu zaulere. Anthu ambiri a ku Biwi ankakana, koma mkazi wanga, amene panthawiyo anali chibwenzi changa, anaona kuti ndi zoseketsa, ndipo anandikoka kuti tipite limodzi. Ndinapita monyinyirika. M'minibasi ndinagona, dzina la phiri sindinafunse. Chimene ndinkakumbukira bwino n'chakuti, mkazi wanga atatopa ndi kuimikidwa kutali ngati chikhomo cha malire a munda, anatsika n'kukaima pamaso penipeni pa kamera, n'kuwauza bambowo kuti diresi lake lachikasu sanalisitire miyala. Bambowo anadina. Chithunzicho chinatuluka nkhope yokhayokha, diso lina atatsinzina chifukwa cha dzuwa, phulusa lili pa nsidze. Chinapita ndi alubamu. Koma negetivu, kachidutswa ka filimu kamene amatsukirapo chithunzi, kamatsala kwa wojambula. Aliyense ankadziwa zimenezo.

Situdiyoyo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa anyamata owotcherera mageti. Bambowo anali munthu wa imvi, wowonda, wovala chipewa cha nsalu ngakhale m'nyumba. Ndalama ya lendi ankaipeza pa tizithunzi ta pa ziphaso ndi ta ana ovala yunifolomu yatsopano, koma pakhoma panalibe nkhope ya munthu ngakhale imodzi. Panali miyala yokhayokha, yofiira, yotuwa, yakuda ndi moto.

Ndinafotokoza chimene ndinabwerera. Anavula chipewa n'kunena kuti pepani, n'kuchivalanso.

"Linali phiri liti?" anafunsa.

Ndinayankha kuti dzina lake sindikulidziwa, kungoti linali long'aluka, koma mayiyo ankasoka pakhonde lija, wamtali pang'ono, wa mpata m'mano, ankawabwereka ayironi magetsi akavuta kwawo.

"Anthu sindiwasunga m'mutu, a Kalaliki. Ndiuzeni phiri."

Anandionetsa mmene amasungira ntchito yawo. Pansi pa benchi panali zitini za mabisiketi ndi za mkaka wa ufa, zodzaza ndi timizere ta manegetivu. Sankasunga potsata chaka, kapena potsata mwini chithunzi. Chitini chilichonse chinali phiri. Palibe chimene chinalembedwa, chifukwa, malinga ndi iwo, ankazizindikira ndi mmene zinapindikira. Anakoka chimodzi n'kunena kuti ndi cha ku Dowa, atatsegula anati ayi ndi cha ku Dedza, atayang'anitsitsa anati mwina ana awo anasakaniza. Anandiuza kuti ndili ndi ufulu wofufuza ndekha, bola ndizigwira m'mphepete.

Umu ndi mmene Loweruka langa linayambira kuthera ku Biwi. Ndinkakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kuyenda wapansi, n'kukaima pakhomo pa situdiyo nditakweza kamzere ka filimu kumwamba. Pa negetivu zonse zimatembenuka: thambo limada, mthunzi umayera, ndipo phiri lililonse limafanana ndi linzake. Ndinkafuna nkhope yodzaza felemu yonse, koma ndinkangoona thanthwe, thanthwe, chitsa, thanthwe. Apa ndi apo pankaoneka kadontho kokhala ndi miyendo, munthu wa muyeso wa chaka china, wosadziwika ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Owotcherera mageti anandizolowera. Ankati ndikafika, wina amakweza magalasi ake akuda n'kufunsa ngati alamu lero apeza golide. Wina ankandilangiza kuti ndibwereke magalasiwo, mwina ndiona bwino. Sankadziwa chimene ndinkafuna, ndipo sindinawauze.

Bambowo sankandithandiza kufufuza. Ankakhala pa benchi n'kumandiphunzitsa. Ali mnyamata anagwirapo ntchito yothandiza dalaivala wa lole, ndipo ulendo wina anafika ku Namibia, kumene lole inawonongeka pakati pa chipululu. Kumeneko anaona mapiri opanda udzu ngakhale umodzi, ofiira ngati njerwa yotentha kumene, ndipo chichokereni kumeneko mtima wawo sunabwerere. Nkhaniyi ndinkaimva Loweruka lililonse, ndipo masiku amene lole inakhala m'chipululumo ankawonjezeka ulendo uliwonse. Ankati mapiri a kuno ndi abwino, koma amafunda bulangete. Udzu ndi masamba zimabisa phiri. Limavula kamodzi pachaka, moto wa osaka mbewa ukadutsa, mvula isanagwe, ndipo masabata ochepa amenewo Malawi amakhala ndi chipululu chake kwa munthu wodziwa kuyang'ana.

Ndinkayankha kuti ee, Abambo. Kukoleji anatiphunzitsa kusunga katundu mwa dongosolo loti ngakhale mlendo apeze chinthu mwini wake kulibe, ndipo tsiku lina ndinadzipereka kuwalembera zitinizo. Anandiyang'ana ngati ndapempha kuwameta ndevu.

Zitini zitatsala pang'ono kutha, iwo anati njira ndi imodzi: tipite limodzi, ndikalione phirilo ndi maso, ndikaliloza adzadziwa chitini chake. Ndinkakumbukira kuti tinalowera msewu wa ku Mitundu, choncho ndinati tipite Loweruka likudzalo. Anaseka. Anati udzu sunapse. Ndinafotokoza kuti sitikupita kukajambula, tikupita kukaloza. Anati iwo sakwera phiri lofunda, sanayambepo, ndipo sangayambe atakalamba. Tidikire Okutobala.

Ndinawauza zimene ndinamva m'tauni, kuti sitolo yotsuka zithunzi imene ojambula onse ankadalira ikufuna kuchotsa makina a filimu, popeza anthu ayamba kugula makamera osalowa filimu. Akachotsa, negetivu ikhala kapulasitiki chabe. Bambowo anati zimenezo akhala akuzimva, ndipo dzuwa silitsata makina a m'tauni. Ndinatuluka osatsanzika. Ndinayenda mpaka pa mlatho, ndinaima, ndinabwerera kukatsanzika, chifukwa zitini zinali zawo.

Ndinadikira. Kuntchito malonda a fodya anatsekedwa, nyumba zosungiramo zinayamba kukhala mbee. Anzanga anayamba kundiitanira ku maukwati a alongo awo ndi kundikhazika pafupi ndi atsikana. Nkhope ija inkapitabe. Panafika poti ndikaona mayi wa mpata m'mano m'minibasi ndinkayang'ana kumbali, kuopa kuti nkhope yake ingalowe m'malo mwa imene ndinkafuna.

Okutobala atafika tinakumana ku depoti m'mawa. Bambowo anabwera ndi chikwama cha kamera, botolo la madzi, ndi choimikapo kamera cha miyendo itatu, chachitsulo, chimene owotcherera aja anachikonzapo kangapo mpaka chinalemera ngati khasu la pulawo. Anandipatsa ine kuti ndinyamule. Kondakitala anafuna kuchilipiritsa ngati munthu, ndipo bambowo anayang'ana pawindo mpaka nkhaniyo nditaimaliza ndekha.

Tinatsika kupitirira Mitundu, n'kukwera makabaza m'kamsewu ka fumbi. Dziko linali litapsa ndithu. Minda inali mizere ya dothi louma, madambo akuda, mitengo ya mango yokha ndiyo inali ndi masamba. Wakabaza wanga anafunsa ngati ndife a migodi. Nditati ayi, anafunsa ngati ndife opemphera m'phiri. Nditati tikukajambula miyala, anangoyang'ana kutsogolo mpaka tinafika.

Tisanatsike n'komwe ndinadziwa kuti si phiri lake. Lija tinkalifikira podutsa pa uvuni wa njerwa, ndipo linali ndi mng'alu waukulu pakati. Ili linali lozungulira ngati mphika wovundikira. Ndinawauza bambowo. Anavomera kuti n'kutheka, koma poti tafika, tikwere, pamwamba tikaona mapiri onse a dera lino ndipo ndikaloza bwino. Makabaza anali atatembenuka kale.

Ndinali nditavala nsapato za kuntchito, chifukwa ndinkaganiza kuti kuloza phiri amalozera pamsewu. Tinakwera m'lupsa, phulusa likufuka pa phazi lililonse n'kulowa m'masokosi. Mitengo inali itadulidwa ndi owotcha makala, panatsala zitsa zakuda ndi maenje awo. Kumtunda dothi linatha, panayamba thanthwe lokhalokha, lotentha moti dzanja silinkakhalapo. M'ming'alu munkanunkha mkodzo wa mbira. Kunalibe mbalame, kunalibe mphepo, kunkangomveka chitsulo chija chikugunda msana wanga ndi mpweya wa bambowo, amene ankakwera patsogolo ngati mbuzi, akuima apa ndi apo kundionetsa mtundu wa mwala. Ankati ndione kufiira uko, ndione mmene moto wanyambitira apa. Anati pamene tinaima, munthu atabisa midzi ndi dzanja, ndi Namibia yeniyeni. Ine ndinkangoona chidendene changa chikusupuka.

Tisanafike pamwamba anaima n'kundilanda chitsulo chija, n'kuchiimika. Anayang'ana m'kamera nthawi yaitali. Kenaka anandiuza kuti ndipite ndikaime patsinde pa thanthwe lalitali limene linali patsogolo pathu.

Ndinati sindinabwerere zimenezo.

"Ndikudziwa, a Kalaliki. Koma mwabwera, ndipo muli ndi miyendo. Popanda munthu, thanthwe ili lioneka ngati mwala wophikira."

Ndinapita. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina kutopa. Ndinaima pamene analoza, anakuwa kuti ndipite kutali. Ndinapita kutali, anati ndibwerere pang'ono. Anati ndisayang'ane kamera, ndiyang'ane kumwamba ngati munthu wodabwa. Anati malaya anga oyera ndi abwino kwambiri, ndikanabwera ndi akuda akanandibweza. Kenaka anati tidikire kamtambo kadutse. Kamtamboko kanali kamodzi m'thambo lonse, ndipo sikankafulumira. Ndinaima padzuwapo, mwamuna wamasiye wa dipuloma, ndikuyeza thanthwe.

Pamwamba panali mphepo yotentha. Dziko linayala mbali zonse, lotuwa, utsi uli m'mphepete, mapiri atatuluka m'chigwa apa ndi apo, aliyense payekha. Sindinafufuze nthawi yaitali. Linali chakumadzulo, osati kutali kwambiri, lalitali mbali imodzi, mng'alu wake ukuoneka ngati chipsera. Patsinde pake ndinaona ngakhale kufiira kwa mauvuni a njerwa. Ndinaloza.

Bambowo anaphimba maso ndi dzanja.

"Limenelo? Mukananena kuti ndi long'aluka."

Ndinawakumbutsa kuti ndinanena, tsiku loyamba ndi masiku ena ambiri. Anati mapiri ong'aluka ndi ambiri, koma limenelo ndi lina. Ndipo chitini chake sichili ku Biwi. Mapiri amene amawakonda kwambiri sawasiya ku situdiyo, kuopa moto wa owotcherera. Amakhala kunyumba ku Chinsapo, pansi pa bedi.

Ndinaganiza za Loweruka lililonse limene ndinaima pakhomo paja, khosi litapindikira kumwamba. Ndinafunsa ngati m'miyezi yonseyo sanaganizepo zotchula kuti kuli zitini zina. Anayankha kuti za pansi pa bedi sapatsa munthu wamba kuti azigwiragwira, ndiye panalibe chifukwa chozitchulira.

Ndinati titsike. Anati dzuwa likadali pamutu, mithunzi sinatuluke, ndipo munthu satsika phiri lovula asanaone mithunzi yake. Njira yotsikira ndinali ndisakuidziwa. Ndinakhala pansi pa kamthunzi ka mwala, ndinavula nsapato, ndinayang'ana phiri lija. Kuchokera pamenepo sindikanatha kuona pamene mkazi wanga anaima. Ndinkadziwa kuti ndi kumanzere kwa mng'alu, pamene pali mwala wosalala, pamene anakhala n'kukhuthula phulusa m'nsapato akundinena kuti ndine mwamuna wosadziwa kusangalala. Ndinakhala choncho mpaka bambowo anamaliza filimu yawo. Anandipatsa madzi, anali otentha ngati tiyi.

Mawa lake linali Lamulungu, ndipo nditatuluka m'tchalitchi ndinapita ku Chinsapo. Anandilandira mayi a kunyumba kwawo, mayi wonenepa wogulitsa mandasi, amene anali atamva kale nkhani yanga ndipo anandipepesa ngati mwana wawo. Anakoka okha chitinicho pansi pa bedi, akudandaula kuti m'nyumba mwawo mulibe malo oika sutikesi chifukwa cha miyala ya amuna awo. Tinakhala pakhonde. Bambowo anasamba m'manja, anatsegula, n'kuyamba kukweza timizere kumwamba kamodzikamodzi, kalikonse akukayamikira. Ndinapinda manja pakati pa mawondo kuti ndisawalande.

Anakapeza. Anandipatsa, n'kundikumbutsa za m'mphepete. Felemu yoyamba inali phiri lonse. Yachiwiri inali mng'alu. Yachitatu inali thanthwe, ndipo patsinde pake panali kadontho kovala diresi. Pambuyo pa felemu imeneyo kamzereko kanathera pomwepo, kodulidwa mowongoka ndi sizasi.

Ndinafunsa kuti ena ali kuti. Anafunsa kuti ati. Ndinati a nkhope, amene anajambula pafupi.

"Aa, a anthu ndimadula," anatero. "Ndimaika mu envulopu limodzi ndi zithunzi, mwini wake azitenga. Ndisungirenji nkhope za eni ake? Kuyambira kale ndimatero."

Ndinaikumbukira envulopuyo nthawi yomweyo. Inali yakhaki, yaing'ono, ndipo mkazi wanga anailowetsa kuchikuto chakumapeto kwa alubamu. Ndinaiona kambirimbiri osaitsegula. Ndinaimangira ndekha m'katoni ndi chingwe.

Mawu anga anatuluka otsika kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuze zimenezi tsiku loyamba, pamene ndinanena momveka kuti ndikufuna nkhope. Anaoneka odabwa ndithu. Anati ankaganiza kuti ndikudziwa, poti aliyense amene anawajambulapo amadziwa, ndipo ankayesa kuti ndikufuna a muyeso, amene kunena zoona ndiwo abwino. Mayi aja anaika beseni la ufa pansi n'kuwauza amuna awo kuti ndi mfiti yopanda mankhwala, kuti mwana wa eni amuyendetsa chilimwe chonse ngati bulu, ndi kuti tsiku limene mayiwo adzamwalire bambowo adzafufuze bwino pansi pa bedipo ngati pali nkhope yawo, chifukwa zaka zonsezi sanawajambulepo osawaimika kuseri kwa chulu. Bambowo anati zimenezo ndi zina. Anapitiriza kukangana, ine nditagwira kamzere kaja m'mphepete.

Ndinapempha kuti ndikatsukitse felemu yachitatuyo. Anavomera, koma anati negetivu ya pansi pa bedi siyenda yokha, apita nawo.

Tinakumana Lolemba masana ku sitolo ija m'tauni. Ndinapempha chilolezo kuntchito kuti ndikupita kuchipatala. Makina a filimu anali akadalipo, atakankhidwira pakona, pamwamba pake ataikapo makatoni. Mayi wa pakauntala anayang'ana negetivuyo ndi kagalasi, ndipo ndinamupempha zithunzi ziwiri: china chonse mmene chilili, china akuze pamene pali munthu pokha, mpaka nkhope ioneke. Anandichenjeza kuti munthuyo ndi wamng'ono kwambiri. Ndinati ayesebe.

Tinadikira pa benchi. Bambowo anayamba za lole ya ku Namibia, ndipo ndinawapempha kuti lero lokha asatero. Anayamba kugogoda bondo ndi zala.

Chokuzacho chinatuluka choyamba. Chinali timadontho ta bulauni ndi tachikasu, ngati nsalu yoonera pafupi kwambiri. Pamene panayenera kukhala nkhope panali chibulunga chakuda, chopanda maso, chopanda pakamwa. Ndinachiika patali, ndinachibweretsa pafupi, ndinachipendeketsa. Mayiyo anati akhoza kukuza kuposa pamenepo, koma madonthowo angokula. Ndinachisiya pakauntala chozondoka.

Chinacho chinali phiri. Ndiyenera kunena, ngakhale zimandipsetsa mtima mpaka lero, kuti chinali chithunzi chabwino. Thanthwe linali lofiira, mng'alu wakuda bii kuchokera pamwamba mpaka pansi, thambo loyera ndi kutentha, popanda tsamba ngakhale limodzi. Pansi kumanzere, wamkulu ngati nyemba, panali iye. Diresi lachikasu linkaoneka. Dzanja lina linali m'chiuno, lina atalikweza kuloza kamera. Munthu wina akhoza kuganiza kuti akupereka moni. Ine ndinalipo, ndikudziwa kuti ankakalipa.

Bambowo anasuzumira paphewa panga n'kupuma mokhutira. Anandiuza kuti ndione mthunzi wa mng'aluwo, kuti anabwererako zaka zingapo koma sanaupezenso utagwa choncho. Anati mayiyo anaima pabwino kwambiri, anali wa muyeso wodziwa ntchito, kungoti ankayankhula. Kenaka anatambasula dzanja kwa mayi wa pakauntala kuti alandire negetivu yawo.

Ndinaitenga ine. Ndinaiika m'kathumba kake ka pepala, n'kuilowetsa m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

Poyamba anayesa ndikuseka. Atazindikira, anati zimenezo sizichitika, chithunzi ndi cha kasitomala koma negetivu ya phiri ndi ya wojambula, ndipo limenelo ndi phiri lawo labwino kuposa onse a pansi pa bedi. Anapempha mayi wa pakauntala kuti achitire umboni. Mayiyo anayamba kupukuta galasi la kauntala.

"Phirilo likadalipo, Abambo," ndinatero. "Mukalijambulenso."

Ndinatuluka. Ananditsatira m'khonde la masitolo, pakati pa ogulitsa malamba ndi osintha ndalama, akufotokoza kuti kuwala sikubwera kawiri, kuti owotcha makala asintha kale mbali ya kumanzere, kuti mvula ili pafupi ndipo chaka chino chatha. Anati andidulire pakati, ine nditenge kamunthuko iwo atsale ndi thanthwe. Anati ndine wophunzira koma khalidwe ndilibe. Ndinavomera. Pa siteji ndinakwera minibasi ya ku Kanengo n'kukhala pawindo, envulopu ili pamiyendo, ndipo iwo anaima panja akupumira m'mwamba, chipewa chili m'manja.

Minibasi itadzaza anagogoda pagalasi. Ndinatsegula pang'ono. Anati ngati ndaumiriradi, ndisaisunge m'thumba la malaya, thukuta limadya filimu. Ndiipezere chitini chouma, ndisaike pafupi ndi khoma nthawi ya mvula, ndipo ndisamaigwire pakati. Ndinati ndamva. Kondakitala anamenya chitseko, tinanyamuka, iwo akuyankhulabe.

Nkhope ija sindinaipeze. Imabwerabe zidutswa, ndipo zidutswazo zikucheperachepera. Chithunzicho ndinachiika mu felemu, chili pakhoma, ndipo alendo akachiona amafunsa ngati ndi kunja kwa dziko lino. Ndimayankha kuti ndi kupitirira Mitundu. Ambiri saona kuti pali munthu, ndipo ine sindiwalozera.